Chigoli cha Mkamwini

"Mverani bwino, pakuti sindibwereza," anatero a Efulemu, wenzulo ili m'mwamba ngati akuitsatsa pamsika. "Lero kulibe zovinavina. Ukagoletsa, gwira mnzako chanza, bwerera pakati. Wovina, wogubuduzika, wovula malaya, wotuluka m'bwalo osandipempha ine, ameneyo mpira wotsalawo akaonera kunja. Tamvana?"

Anyamata a timu ya Nathenje anavomera pamodzi ngati ana a Sande sukulu. A Mitundu anangoyang'anana.

"Bwana lifale, lamulo limeneli labwera liti?" anafunsa Yakubu, goloboyi wa Mitundu, yemwenso anali kaputeni. "Sabata yatha kunalibe."

"Labwera pa basi ya m'mawa," anayankha a Efulemu. "Ngati sukulifuna, ya madzulo ikadalipo, ukwere ndiwe."

Anthu amene anali pafupi ndi chingwe anaseka. Maliko sanaseke. Anaima kumapeto kwa mzere akuyang'ana jombo zake. Iye ankadziwa, ndipo bwalo lonse linkadziwa, kuti lamulolo linasokedwa poyesa thupi la munthu mmodzi. Sabata yathayo ku Mitundu, atamwetsa chigoli chimene chinawalowetsa mu ndime yomaliza ya chikho, Maliko anapalasa fumbi ndi mapazi mpaka goloboyi wa adaniwo anatsokomola, amayi nthungululu osaleka. Mbiri ya gule ameneyo inafika ku Nathenje mwini wake asanafike, ndipo inawapeza a Efulemu, mkulu wa mpingo, akutuluka m'mapemphero.

Tsono vuto la Maliko linali lakuti ankasewerera Mitundu koma ankagona ku Nathenje. Mchombo wake unagwera ku Mitundu, mtima unakagwera kwa Rozina, ndipo monga mwa mwambo iye anautsatira mtimawo khasu lili paphewa. Ichi chinali chaka chake chachinayi pachikamwini. Anali atalima munda wa apongozi, atafolera nkhokwe, atakumba chimbudzi chimene mudzi wonse unkachitama. Koma tsopano kwawo malume ake, a Jones, anali atamusungira munda wa fodya ndi dimba m'mbali mwa dambo, ndipo ananenetsa kuti mvula ikagwa mundawo ulibe munthu wogona pafupi, aupereka kwa msuweni wake wa Maliko, pakuti fodya salimidwa ndi mlendo wobwera Loweruka pa njinga. Choncho Maliko anapempha chitengwa, kuti amutenge Rozina ndi mwana wawo Masozi akakhale ku Mitundu. Ankhoswe anapangana zokhala pansi mawa lake la mpirawu, potuluka ku tchalitchi. Ndipo mwini mbumba, malume ake a Rozina, munthu woti avomere kapena akane chitengwacho, anali bambo yemweyu wa kabudula wakuda ndi wenzulo.

Mungafunse kuti munthu wa ku Nathenje aimbira bwanji mpira wa Nathenje. A Mitundu anafunsanso zomwezo. Lifale wa ku tauni, amene anaitanitsidwa ndi a Athumani, mwini sitolo wogula chikhocho, anatumiza mawu kuti njinga yake yamoto yafa. Ndipo kuchokera pa Nathenje mpaka ku mapiri a Dzalanyama, munthu amene anali ndi zinthu zitatu pamodzi, wenzulo yolira, wotchi yoyenda ndi kabudula wakuda, anali a Efulemu okha. Wenzuloyo sankaivula. Ankapita nayo kumunda, kumaliro, ngakhale ku tchalitchi, ili lende m'kati mwa malaya.

M'mawa wa tsikulo, Maliko akupukuta jombo pakhonde, Rozina anali akumanga m'kansalu mbewu za maungu ndi nyemba zokadzala ku munda watsopano.

"Bambo a Masozi," anatero osadzutsa mutu, "mukagoletsa lero, mukagoletse mwaulemu."

"Chigoli chaulemu chimaoneka bwanji?"

"Ngati mwachita mwangozi. Muweramitse mutu, muoneke ngati zakukhudzani."

"Kapena ndingophonya?"

"Mukaphonya dala, wokuthawani ndine. Sindinakwatiwe ndi nkhuku ine. Ndangoti musavine. Lero lokha, mapaziwo muwamange. Ku Mitundu mukavina mpaka mubowole pansi."

Ndiye mpira unayamba. Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala, lija limapsereza ngakhale chithunzithunzi cha munthu. Bwalo linali la pasukulu, lopendekera mbali imodzi ngati mbale ya munthu wosauka, ndipo mzere wake unali wa phulusa. Mbali ina kunali tebulo loyalidwa nsalu, chikho chili pamwamba nyezinyezi. Kuseri kwa tebulolo kunakhala a tcheyamani a Chipani a deralo ndi a Athumani. Chapafupi panakhala amayi a Chipani ndi ng'oma yawo, ndipo ayufi a malaya ofiira, atatha kuona makhadi a Chipani a anthu polowera, ankayendayenda m'mbali mwa chingwe ndi zikoti.

Maliko akangogwira mpira, mbali ya Nathenje inkaphulika.

"Mkamwini asamakule mwendo!"

"Mphamvu zimenezo ndi ufa wathu, zibweze!"

"Ukagona kuti lero, tonde wobwereka iwe?"

Kumbuyo kwake kunali mnyamata wina wa mapazi ngati makasu, amene mpira sankaufuna, ankangofuna akakolo a Maliko. Anamutchetcha kamodzi, kawiri, kachitatu Maliko anauluka n'kukagwa ndi chibwano. A Efulemu nthawi zonsezo ankakhala akuona wotchi.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Isake wa Nathenje anakumana ndi mpira wochokera pakona, unamumenya pabondo n'kulowa. Iye mwini anayamba wadabwa. Kenako anathamanga. Sanagwire mnzake chanza, sanabwerere pakati. Anadutsa mzere wa phulusa, analumpha chingwe, anakaima patsogolo pa tebulo lija n'kuyambitsa nyimbo ya Chipani, chiuno chikugwedezeka. Amayi anaipolokezera, ng'oma inalowa, a tcheyamani anaimirira n'kuyamba kuponya mpango m'mwamba. A tcheyamani akaimirira, wokhala pansi ndani? Bwalo lonse linadzuka, ndi a Mitundu omwe, akuomba m'manja mano ali gwa, kuombera chigoli chimene chawalasa okha.

Yakubu anathamanga kuchokera pagolo mpaka pakati.

"Bwana lifale! Watuluka osapempha uyo! Akuvina uyo! Lamulo lija latsikira pati?"

A Efulemu, amene nawonso ankaomba m'manja, anamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Ukufuna ndiimbire wenzulo nyimbo imeneyo? Nayi wenzulo. Pita ukaiimitse wekha."

Ayufi awiri anali atatembenuka kale. Yakubu anapapasa m'chiuno kufuna khadi lake, kuiwala kuti kabudula wa goloboyi alibe thumba. Anabwerera pagolo akuomba m'manja kuposa onse. Podutsa pa Maliko ananong'ona: "Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, m'bale wanga."

Nyimboyo inatha pamene a tcheyamani anatopa.

Chigawo chachiwiri a Mitundu analowa ngati njuchi zoponyedwa mwala. Anamenya mtengo wa golo, anamenya goloboyi pamimba, anamenya mbuzi imene inkadutsa kuseri. Dzuwa litapendeka, anthu a Nathenje atayamba kale kuloza chikho ndi milomo, Yakubu anaponya mpira wautali. Maliko anaulandira ndi chifuwa, anamupinda mnyamata wa makasu uja mpaka anakhala pansi, anadula chakumanzere akuthamanga ndi mphamvu zonse za ufa wa ku Nathenje, n'kuumenya. Goloboyi anangomva mphepo.

Tsono apa mumvetse bwino, pakuti anthu akhala akuzinena mosiyanasiyana. Maliko sanavine. Mapazi ankamuyabwa, inde, koma anakumbukira kansalu ka mbewu kaja. Manja anawapanikiza m'nthiti, mutu anaweramitsa. Kungoti liwiro silimva mawu, ndipo bwalolo linali lotsetsereka kumene iye ankalowera. Linamutenga mpaka pakona, pansi pa mtengo wa mthethe, pamene amayi a ku Nathenje anayala malonda awo. Atadzutsa maso, anapeza kuti patsogolo pake, poti akanatha kuwagwira ndi dzanja, pakhala a Nankhoma, mayi ake a Rozina, ndi ndowa yawo ya thobwa.

Zaka zonsezo Maliko anali asanaonepo nkhope ya apongozi akewo mwachindunji. Ankawadziwa ndi zidendene, ndi chifuwa chawo cha m'mawa, ndiponso ndi mawu awo, amene ankaboola mpanda ngati muvi. Akawaona akubwera panjira, ankapatukira kutchire n'kunjuta mpaka adutse, ngakhale kutchireko kukhale chitedze. Ndi mmene analeredwera. Tsono lero nayu ali pamaso pawo, thukuta kamukamu, ntchafu zili pamtunda, kabudula wong'ambika m'mbali.

Mutu usanaganize, miyendo inachita zimene inaphunzira. Anakhota, anadutsa mzere wa phulusa, analowa pa udzu m'mbali mwa chulu, anatembenuza nkhope kuti asapenyane nawo, ananjuta, n'kuomba m'manja mwakachetechete. A Nankhoma nawonso anakoka nsalu n'kudzifunda kumutu.

Koma munthu ukabisa nkhope, pali china chimene umaonetsa. Ndipo mbali imene Maliko analozetsa chinacho kunali amayi onse a ku Nathenje.

"Aaa! Watilozetsa matako!" anakuwa mayi wina wa zitumbuwa.

"Wanyonyomala! Akuti mudzi wathu ndi chimbudzi!"

Tsidya linalo, ochemerera a Mitundu, amene anabwera pa lole atamwa kale za panjira, anaona ngati mnyamata wawo wapeza gule watsopano wozembera lamulo. Anafa nacho chiseko. Mmodzi anatembenuka n'kunyonyomala, wachiwiri, wachitatu, mpaka mzere wonse unalozetsa misana ku Nathenje ukuomba m'manja. Chisononkho cha chimanga chinauluka. Chinatsatira chibuma.

Wenzulo inalira motalika ngati sitima.

Maliko atabwerera m'bwalo anapeza chala cha a Efulemu chikuloza kunja.

"Tuluka."

"Apongozi, ine sindinavine."

"Muno mulibe apongozi. Muno muli lifale. Watuluka m'bwalo osandipempha, watukwana amayi. Tuluka."

"Pakonapo pali amayi a kunyumba. Mukuwaona inu nomwe, ndi awo adzifunda nsaluwo. Ndikanatani? Ndiwaime pamaso ndi ntchafu?"

A Efulemu anayang'ana ku mthethe kuja. Anawaona alongo awo, ndipo Maliko anaona kuti awaona. Anali Mchewa mnzake, woti nawonso pa unyamata wawo anagonapo m'chitedze pothawa apongozi. Koma anabweza maso msanga.

"M'malamulo a mpira mulibe apongozi," anatero. "Chigoli chilipo, iwe palibe. Tuluka."

"Nanga Isake uja?" analowerera Yakubu, malovu akuthovoka. "Iye analumpha ndi chingwe chomwe! Wanu akavina ndi nyimbo, wathu akapereka ulemu ndi mlandu? Mbuzi ingawine bwanji mlandu, woweruza ali fisi?"

"Wanena kuti fisi ndani?"

"Ndanena mwambi, bwana. Mwambi ulibe dzina."

A Mitundu anafuna kunyanyala. Anayamba kuvula malaya, ena analowera kale ku lole. Koma mkulu wa ayufi anabwera pang'onopang'ono, chikoti chili kumbuyo, n'kufunsa mofatsa ngati pali munthu amene akufuna kuchoka pa mwambo umene a tcheyamani autsegula okha ndipo sanautseke. Malaya anavalidwanso.

Maliko anakhala pa chulu chomwe chija, yekha, pakati pa anthu a kwawo ndi anthu a kwa mkazi wake, ndipo miyala ya mbali zonse ziwiri inkadutsa pamutu pake. Anaonera anzake khumi akuthamanga ngati nkhuku zodulidwa mitu. Anaonera a Efulemu akuyang'ana wotchi, kuigwedeza, kuiika kukhutu, nthawi osatha. Inatha pokhapokha Isake atamwetsa chachiwiri, ndipo ulendo uno sanavutike n'kulumpha chingwe, anthu anamutsitsira okha. Nyimbo ija inayambanso.

Lole ya Mitundu inalira msanga, galasi limodzi litasweka kale. Yakubu anatambasula dzanja ali pamwamba.

"Kwera, Maliko! Akupha anthu awa!"

"Mkazi wanga ali kuno."

"Ndiye ukatiperekere moni kwa apongozi. Uwauze kuti ulemu wawo watidyera chikho."

Mawuwo anamulasa kuposa chibuma. Lole inapita ndi fumbi lake. Maliko anakoleka jombo pakhosi n'kuyamba ulendo wa kunyumba, kumbuyo kwa chikho chimene anthu ankachivinitsa pamutu, ndipo ana a m'mudzi ankathamangira kutsogolo kwake, kunyonyomala panjira, n'kuthawa akuseka.

Mawa lake, potuluka ku tchalitchi, anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Nankhoma. A Jones anali atafika pa njinga ndi tambala wofiira wa chitengwa, womangidwa miyendo, ndipo anamuika pambali pa mpando wawo. A Efulemu anakhala pa mpando wa ndalema, jekete lili pathupi, chingwe cha wenzulo chikuonekera pakolala. Maliko anakhala pansi. A Nankhoma, poti sakanakhala bwalo limodzi ndi mkamwini, anali kuseri kwa mpanda wa udzu, akusenda nyemba, ndipo Rozina anakhala pakhomo la mpandawo kuti azinyamula mawu, ngakhale kuti mawu a mayi akewo sankafuna wonyamula.

A Jones anayamba bwino. Anayamika mudzi, anayamika mbumba, anatchula nkhokwe, anatchula chimbudzi chotchuka chija, kenako anafika pa munda ndi mvula. A Efulemu anawasiya mpaka amalize.

"Mwatha? Tsono ine ndifunse. Kwanu ku Mitundu, mwana akafuna kupempha kanthu kwa akulu, amayamba wawalozetsa kumbuyo?"

"Nkhani ya mpira ithere ku mpira, achimwene," anatero a Jones.

"Inathera kumeneko ikanakhala ya mpira. Koma amene anatukwanidwa dzulo ndi mbumba yanga. Lero ku tchalitchi sindinathe kukweza mutu. Ndiye nditenge mwana wa mlongo wanga ndimupereke kwa anthu onyonyomala? Akakatukwanidwa kumeneko, adzamumva ndani?"

Maliko anali atalonjeza kuti sayankhula. Koma lonjezo ndi mapazi ovina n'zofanana.

"Apongozi, lero ndinu apongozi, si choncho? Jekete ndi ilo. Ndiye ndifunse monga mwana. Lamulo munalinena ndi pakamwa panu, tonse tikumva. Isake anatuluka, anavina, kawiri konse. Ine ndinapatuka kupereka ulemu kwa mlongo wanu. Wotulutsidwa ndine. Kodi wenzulo yanuyo ili ndi maso a mbali imodzi?"

A Efulemu anaweramira kutsogolo, mawu anatsitsa.

"Ukuti Isake analakwa kuimba nyimbo imene anaimba ija? Ndi zimene ukunena? Nena mokweza, mkamwini. Ayufi sakhala kutali, ndituma mwana akawaitane, uwafotokozere bwino za chilungamo chakocho."

A Jones anayamba kuyang'ana m'mwamba ngati akuwerenga mango osapsa. Maliko anaweramitsa mutu.

"Rozina!"

Mawuwo anaboola mpanda, tambala anadzidzimuka.

"Uwauze alendowo kuti achimwene angawo akunama."

Rozina anatsegula pakamwa, koma mayi ake sanamudikire.

"Uwauze kuti pakonapo ndinalipo ndine, osati iwo. Mkamwini wangayo sanatukwane munthu. Anapatuka, ananjuta, anaomba m'manja. Ndinamva ndi makutu angawa ndili m'nsalu. Bwalo lonse lija, wondipatsa ulemu anali yekhayo. Achimwene akuweruzawo anakhalira kundidutsa pamaso masana onse ndi timiyendo tawo tangati ta nkhuku ya chitopa, osati n'kupepesa komwe."

Nkhope ya a Efulemu inachita ngati yalumidwa ndi mavu. Maliko anadzutsa mutu. Zaka zinayi, mawu okoma oyamba kuchokera kuseri kwa mpanda umenewo! A Jones anamwetulira, anatambasula phazi n'kumukankhira tambala uja patsogolo pang'ono.

"Ndiye uwauzenso," anapitiriza a Nankhoma, nyemba zikugwera m'lichero, "kuti n'chifukwa chake sindimupereka."

Phazi la a Jones linaima.

"Akamwini a masiku ano ndimawaona ine. Amakupatsa moni ataimirira, manja ali m'thumba, ndudu pakamwa. Ine Mulungu wandipatsa woti amataya chikho chathunthu chifukwa cha ine, ndiye ndimutaye ku Mitundu? Andilimire ndani? Nkhokwe andifolerere ndani, achimwene a wenzulowa? Akanakhala wamwano, ndikanamuthamangitsa lero lomwe, ndi mkazi wake yemwe. Koma uyu ayi. Uyu akalambira pano."

Ndiye taonani mmene zinamukhalira Maliko. Mlongo wamwamuna akuti sapita chifukwa ndi wamwano. Mlongo wamkazi akuti sapita chifukwa ndi waulemu. Akanavina dzulo, mwina bwenzi atapeza khomo. Anayang'ana kumwamba chakumadzulo, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa Dzalanyama, ndipo anauona munda uja, ndi dimba lake, ukulowa m'manja mwa msuweni wake amene sadziwa n'komwe kusoka fodya.

"Ndiye kuti nkhani yatha," anatero a Efulemu, akudzikonza jekete. Sanasangalale ndi njira imene yathera, koma chigoli ndi chigoli ngakhale chilowe ndi bondo. "Tambala wanuyo mubwerere naye."

Palibe anaona nthawi imene Rozina anachoka pakhomo la mpanda. Anangomuona akutuluka m'nyumba, Masozi ali kumbuyo, dengu lili pamutu, mkeka wopinda uli m'khwapa. Pamwamba pa dengulo panali kansalu ka mbewu kaja. Anafika pakati pa bwalo n'kuima, osagwada.

"Bambo a Masozi, tengani khasu lanu ndi jombo. Zotsalazo n'za eni mudzi."

"Iwe Rozina!" A Efulemu anadzuka, mpando unagwa. "Ukupita kuti? Wakuloleza ndani?"

"Palibe, malume."

"Ukatuluka m'mudzi muno popanda mawu anga, usadzatitumire uthenga. Mwana akadzadwala, ukadzaona zovuta, usadzati ndili ndi malume."

Rozina anagwira dengu ndi dzanja limodzi. Maso sanagwetse.

"Ndamva. Koma lamulo lanu ndinalimva dzulo, ndinali pachingwe pomwepo. Munati wotuluka osakupemphani, chilango chake n'kumutulutsa. Amuna anga anatuluka osapempha, munawatulutsa. Inenso ndi uyu ndikutuluka osapempha. Imbani wenzulo, malume, munditulutse. Kapena lamuloli lili ndi anthu ake?"

Dzanja la a Efulemu linapita lokha pachifuwa, linagwira wenzulo ija m'kati mwa malaya, n'kukhala pomwepo. A Jones anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa.

Maliko anayang'ana mkazi wake, anayang'ana mitambo ija. Kenako anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu paphewa, lomwe lija anabwera nalo, jombo zili pakhosi.

Kuseri kwa mpanda nyemba zinali zitasiya kugwa m'lichero.

"Rozina!"

"Amayi."

"Mphika wanga waukulu usiye."

"Ndatenga waung'ono."

"Waung'onowo ndi wong'aluka, chitsiru iwe. Ukandichititse manyazi kwa eni ake? Tenga wapakatiwo." Kenako mawuwo anakwera, kuti afike pansi pa mango. "Ndipo uwauze anthu a ku Mitundu kuti sindinavomere kanthu ine. Nthawi yokolola ndikufuna munthu pamunda panga."

Rozina anatsitsa dengu, anasintha mphika, anasenzanso.

Tsoka lake, njira yotulukira m'mudzimo inkadutsa pakhomo penipeni pa mpanda uja. Maliko atafika pamenepo anaona zidendene zija. Miyendo sinafunse. Anapatuka, analowa pa udzu, anatembenuza nkhope, ananjuta ndi khasu lake lomwe, n'kuomba m'manja.

"Uyo wayambanso!" anakuwa a Efulemu. "Mukumuona? Mukumuona?"



"Dzukani, bambo a Masozi," anatero Rozina osacheuka. "Mitundu ndi kutali, ndipo mvula iyo."

A Jones anakankha njinga yawo n'kuwatsatira, mkeka atauika pakaliyala. Tambala anamuiwala pansi pa mango, ndipo anamuiwala mosamala kwambiri, osatembenuka ngakhale kamodzi. Panalibe amene anawaitana kuti abwerere adzamutenge.

Lachiwiri lake anthu anaona nthenga zofiira kudzala la a Nankhoma. Akuti ntchafu inadyedwa ndi lifale.